Manotsi ojambula pa foni ndi mnzathu wosaona: tithandizane maganizo

Tadala: Moni nonse. Ndine class rep wa chaka chachiwiri ndipo ndili ndi vuto loti mundithandize. M'kalasi mwathu muli mnzathu wosaona. Aphunzitsi ena akafuna kupereka manotsi amangojambula tsamba la buku pa foni n'kundiponyera pa WhatsApp, ine n'kuponya pagulu la kalasi. Ena amatumiza PDF, koma mnzathuyu akuti laputopu yake ikumuuza kuti mulibe kanthu. Pano timasinthana kukamuwerengera madzulo ku Chikanda komwe amakhala, koma mayeso akayandikira aliyense amasowa. Ndikufuna ndikalankhule ndi aphunzitsi, koma ndiyambe ndadziwa chomwe ndikukapempha.

Limbani, admin: Takulandirani a Tadala. Chikumbutso kwa tonse: pagulu pano pali ophunzira a masukulu osiyanasiyana a muno mu Zomba, aphunzitsi komanso makolo. Fotokozani vuto, koma dzina la sukulu, la dipatimenti kapena la mphunzitsi lisatchulidwe. Tinapangana kale.

Mphatso: A Tadala, ine ndine wosaona, ndili finale, ndipo nkhani yanuyi ndakhala nayo kuyambira ndili yaro, m'chaka choyamba. Yambani mwamvetsa momwe timawerengera. Pa laputopu timaika pulogalamu yomwe imatchula mokweza zonse zili pa sikirini. Ambirife tili pa NVDA chifukwa ndi yaulere. Ina yotchuka ndi JAWS, koma ndi yogula ndipo mtengo wake ndi wa madola. Pa foni ya Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver. Zonsezi zimawerenga zilembo zomwe munthu anataipa. Chithunzi mulibe zilembo, kompyuta imangoona timadontho tamitundu. Kuti mudziwe PDF yabwino, itseguleni, sankhani chiganizo chimodzi, kopani, mukachiike mu Word. Chikakopeka ndiye kuti nanenso ndiwerenga. Chikakana, ndi foto chabe yovala dzina la PDF.

Tadala: Ndayesa pompano pa ya lero. Likusankhika ndi tsamba lonse nthawi imodzi.

Mphatso: Ndi imeneyo.

Yamikani: Koma akulu, zimenezi zinatha kalekale ndi OCR, njira yosandutsa chithunzi cha tsamba kukhala zilembo zenizeni. Pa NVDA pomwepo mukadina batani la NVDA (kawirikawiri limakhala Insert) pamodzi ndi R imazindikira zilembo za pa chithunzi. Pa foni pali Google Lookout, pali Seeing AI ya Microsoft. Ngakhale kuika fayiloyo pa Google Drive n'kuitsegula ndi Google Docs, imatuluka ili zilembo. Mnzanuyo angophunzira zimenezi basi, aphunzitsi musawavutitse.

Mphatso: Achimwene Yamikani, zonse mwatchulazo ndili nazo ndipo ndimazithokoza. Koma ndikuuzeni tsamba lomwe limandifika. Buku ndi lonenepa, ndiye pakati pomwe masamba amakumana mizere imapindika n'kulowa mumdima. Pakona pali chala cha wojambula. Wina amene anabwereka bukulo kale anadula mizere ndi bolopeni n'kulemba zake m'mbali. Tsambalo lili ndi madanga awiri, OCR imatenga mzere woyamba wa kumanzere n'kuulumikiza ndi woyamba wa kumanja, ndiye mumamva chiganizo choyamba ndi nkhani ya msonkho n'kuthera pa nkhani ya ukwati. Nambala 1 imasanduka chilembo l, 0 imasanduka O. M'nkhani wamba umatha kulota chomwe amafuna kunena. Nanga mu tebulo la Statistics ulota bwanji? Nanga ngati ndi zolemba pamanja? Ine ndimatha usiku wonse ndikukonza tsamba lomwe anzanga anawerenga ali pa mzere wa chips. Chondipweteka n'choti manotsi ambiri anataipidwa pa kompyuta, kenako anasindikizidwa, kenako n'kujambulidwa. Fayilo yoyambayo ilipo penapake. Ndi imeneyo tikupempha.

Yamikani: Za madanga awirizo ndavomera, zimasokonezadi.

Mayi Nabanda: Ndine mphunzitsi, ndipo ndilankhuleko m'malo mwa anzanga ngakhale sanandituma. Ambirife palibe anatiuzapo kusiyana kwa PDF ziwirizi. Timaona kuti tatumiza, ntchito yatha. Ena amakana kupereka Word poopa kuti manotsi awo ayenda pa mafoni mpaka kukagulitsidwa pa mafotokope. Mantha amenewo ndi oona ndithu, koma chithunzi nachonso chimayenda, ndiye sindikuona chomwe tikuteteza. Funso langa ndi la mabuku a eni ake. Kodi ndikatenga buku lonse la mu laibulale n'kulisikana kuti mwana mmodzi awerenge, sindikuswa lamulo la umwini wa zolemba?

Pilirani: Madam, ndikuphunzira zamalamulo ndiye ndiyankhe zomwe ndikudziwa. Pali pangano la Marrakesh lomwe maiko anagwirizana mu 2013 ku Morocco, ndipo Malawi inalowamo mu 2017. Cholinga chake n'choti mabungwe ovomerezeka, monga malaibulale ndi masukulu othandiza osaona, athe kusandutsa buku kukhala la Braille, la mawu, la zilembo zazikulu kapena la pa kompyuta popanda kukapempha chilolezo kwa mwini buku, komanso kuti mabuku oterewa azitha kuwoloka malire a maiko. Copyright Act yathu ya 2016 nayo ili ndi gawo la nkhani yomweyi, ngakhale lili ndi malire ake. Chachikulu n'choti bukulo lipite kwa amene akulifunikiradi, osati ligulitsidwe. Ndiye njira yabwino ndi kudzera ku laibulale kapena ku ofesi yoona za ophunzira aulumali, osati aliyense payekha.

Ndiwonjezere apa. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 24 la panganolo likukamba za maphunziro mpaka a ukachenjede. Tinali ndi Disability Act ya 2012, pano tili ndi Persons with Disabilities Act ya 2024 yomwe inabweretsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa la MACOHA. Ndiye a Tadala, mukamapita kwa aphunzitsi musapite ngati mukukapempha chifundo.

Mayi Nabanda: Komanso asapite ngati akukatizenga mlandu, mwanangu. Mphunzitsi ukamuyamba ndi Act amatseka makutu. Muonetseni pa laputopu ya mwanayo momwe fayilo yake ikumvekera. Ine ndikanamva zimenezo ndi makutu anga sindikanafunanso wondiwerengera lamulo.

Bambo Chisale: Ine ndinaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, koleji ya aphunzitsi a ana aulumali, ndipo ntchito yanga ndi ya Braille. Ndikuona achinyamata mwathamangira ku mafoni. Kumva sikufanana ndi kuwerenga. Mwana amene amangomvetsera sadziwa kalembedwe ka mawu, sadziwa pomwe ndime yathera, ndipo masamu sungawagwire bwino ndi khutu. Braille ndi timadontho 6 basi, koma timakwanira zilembo, manambala ndi zizindikiro. Ana ambiri ochokera ku sukulu za osaona za ku Chilanga ku Kasungu, ku Lulwe ku Nsanje ndi m'ma resource centre a m'masekondale amafika kuno akuidziwa bwino, akudziwanso makina olembera Braille a Perkins. Akafika ku koleji amaisiya chifukwa palibe chowerenga.

Chomwe chimandimanga manja ine ndi chomwechi wanena Mphatso. Mukandipatsa Word, ndimaiika mu Duxbury, pulogalamu yosandutsa zilembo kukhala Braille, ndimakonza pang'ono, makina a embosser n'kusindikiza Braille tsiku lomwelo. Mukandipatsa fotokope, ndiyenera kutaipa ndekha kuyambira pamwamba. Tsamba limodzi la inki limadya masamba awiri kapena atatu a Braille, pepala lake ndi lokhuthala ndipo silipezeka m'mashopu a mutauni muno. Ndiye mphunzitsi akabweretsa pepala la mayeso m'mawa wa tsiku lolemba, mwanayo amakhala panja kudikira anzake akulemba. Akalemba pa Perkins, ndiyeneranso kumasulira mayankho ake onse m'zilembo za inki kuti achongedwe.

Mphatso: Bambo Chisale, Braille sitinaitaye ayi. Vuto ndi kulemera. Buku limodzi limakhala mavoliyumu angapo, m'chipinda chomwe tikugona awiri ndi mesho. Chomwe ndimasirira ndi Orbit Reader 20, kamakina kokhala ndi mzere umodzi wa zilembo 20 zomwe timadontho take timatuluka ndi kulowa. Mumaika mabuku pa memory card n'kumawerenga ndi zala. Koma nakonso kamafuna fayilo ya zilembo, chithunzi sikadziwa.

Dalitso: Ine ndifunse mosapsatira, musandidye. Zoti anzathuwa azipatsidwa manotsi msanga, nthawi yowonjezera pa mayeso, mwinanso kulembera pa laputopu, si kukondera kumeneko? Tonse timaopa sapu, mayeso obwereza ukalephera. Laputopu ingathe kukhala ndi manotsi m'kati.

Chisomo: Mwayamba aise.

Dalitso: Ndangofunsa.

Mphatso: Funso ndi labwino, ambiri amaliganiza koma salinena. Inu mukatsegula pepala la mayeso mumaponya diso kamodzi n'kudziwa kuti mafunso alipo angati, lalitali ndi liti, muyambira pati. Ine ndiyenera kudutsa mzere ndi mzere, ndipo ndikafuna kubwerera pa funso 3 ndiyenera kulifufuza. Nthawi yowonjezerayo imathera pamenepo, osati poganiza yankho. Za laputopu, yankho ndi losavuta: ikhale ya sukulu, yopanda kanthu m'kati, yopanda intaneti, woyang'anira ali pompo. NVDA imatha kuyenda kuchokera pa flash osaiika n'komwe mu kompyuta. Komanso izi sizinayambire ku koleji. MANEB, yomwe ili konkuno ku Zomba, imakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zazikulu. Tinafika kuno titakhoza MSCE yomweyo munalemba inu.

Dalitso: Ya sukulu yopanda kanthu ndiye ndilibe nayo mawu. Koma manotsi akabwera msanga atipatse tonse.

Mayi Nabanda: Pamenepo ndiye sindikutsutsani.

Chisomo: Ndilowepo ine wachialubino, chifukwa ife timagwera pakati. Anthu amaona tikuyenda opanda ndodo yoyera n'kumati timaona bwinobwino. Ambirife maso athu saona patali, amanjenjemera, ndipo kuwala kumatipweteka. Ndimakhala kutsogolo, komabe maka ikayamba kutha inki, kapena ikakhala yofiira kapena yobiriwira, pa bolodi ndimangoona kuyera. Masana dzuwa likalowa pawindo n'kumenya pa bolodi ndiye basi. Chomwe ndimachita ndi kujambula bolodi pa foni n'kukulitsa, koma mphunzitsi wina anandilanda foni poganiza kuti ndili pa Facebook. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndiye sitili ochepa oti mphunzitsi azidabwa nafe.

Kwa anzanga a vuto ngati langa: pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi chizindikiro chophatikiza, pulogalamu yokulitsa zilembo ya Magnifier imatseguka. Ikatseguka, Ctrl, Alt ndi I zimatembenuza mitundu, zilembo zoyera pa sikirini yakuda, maso amapuma. Pa mayeso pemphani zilembo za saizi 18 kapena kuposa. Koma muwauze kuti akulitse pa kompyuta. Akangokulitsa pa fotokope kupita pa A3, pepala limakula ngati nyuzipepala, silikwana pa desiki, ndipo zilembo zimatuwa.

Mphatso: Ndatumiza voice note yofotokoza momwe mungaikire NVDA, mverani.

Thoko: Voice note imeneyo ine ndiimva bwanji? Ndine wosamva. Kuyambira m'mawa ndikuwerenga, nkhani ndi ya maso okhaokha.

Mphatso: Pepani achemwali, ndiitaipa.

Thoko: Zikomo. Pagulu la kalasi yathu zimachitika tsiku ndi tsiku. Rep amatumiza voice note kuti kalasi yasintha chipinda, ine ndimakakhala ndekha m'chipinda chakale. Ndinaphunzira ku sukulu ya osamva ya Maryview, chinenero changa ndi chamanja. Womasulira alipo mmodzi, ophunzira tilipo angapo, makalasi amagundana. Akakhala kwa mnzanga ine ndilibe. Akakhala kwa ine amamasulira maola awiri osapuma, manja amatopa, kumapeto amangodula. Kumene zinthu zili bwino omasulira amakhala awiri n'kumasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30. Komanso mawu a phunziro ngati Economics ambiri alibe chizindikiro chomwe tonse timachidziwa. Womasulira akaona manotsi dzulo lake, timapangana zizindikiro tisanalowe. Akapanda kuona, amatchula chilembo chimodzichimodzi ndi zala, mphunzitsi ali kale patsogolo. Chinanso, sindingayang'ane womasulira ndi kulemba nthawi imodzi. Ndikaweramira pa kope, zomwe zanenedwa zandidutsa.

Yamikani: Live Transcribe ya Google munaiyesa? Imalemba pa foni zomwe munthu akulankhula.

Thoko: Ndimaigwiritsa ntchito. Imadya bundle. M'holo yaikulu imatola phokoso la mipando. Mphunzitsi akatembenukira ku bolodi imasiya. Akasintha kupita ku Chichewa kuti apereke chitsanzo, imalemba zachizungu zopanda mutu, anzanga akuseka, ine sindikudziwa choseketsa. Imathandiza ndikakhala ndi munthu mmodzi mu ofesi. Siilowa m'malo mwa womasulira.

Limbani, admin: Pagulu lino kuyambira lero: uthenga wofunika utaipidwe. Mukaponya chithunzi lembani pansi pake zomwe chikuonetsa. Mukaponya voice note lembani mwachidule zomwe mwanena.

Madalitso: Yanga ilibe app. Ndimayenda pa wheelchair. Zomba mukuidziwa, ndi mtunda ndi matsitso, ngalande zakuya m'mbali mwa misewu, ndipo mvula ikayamba njira za ku Chikanda ndi ku Matawale zimakhala matope okhaokha. Kabaza wa njinga yamoto sanganditenge pamodzi ndi mpando wanga, ndiye ndi taxi, ndalama ya upkeep n'kuthera pa msewu. Ndikafika, kalasi ili pamwamba. Anyamata anayi amandinyamula pa masitepe, ndimawathokoza, koma tsiku lina mmodzi adzaterereka. Ndipo ine ndine munthu wamkulu, kunyamulidwa anthu akuonerera sikukoma.

Ma ramp ena omwe akumangidwa ndi ongokondweretsa alendo. Muyeso wodziwika ndi woti pa sentimita imodzi yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika. Masitepe atatu a masentimita 15 ndi masentimita 45, ndiye ramp yake iyenera kupitirira mamita 5. Amisiri amathira simenti pamwamba pa masitepe omwewo n'kusalaza, mita imodzi ndi theka, ati tamanga. Pokwera mpando umafuna kugadabuka chagada, potsika umathawa nawe. Pamwamba pake upeza chitseko chokhoma, kiyi ali ndi mlonda amene wapita kukadya. Chomwe ndimapempha chilibe mtengo: opanga timetable adziwe kuti kosi yakutiyakuti muli wa wheelchair, aiike chipinda chapansi.

Mayi Nabanda: Apa pali pomwe pamaduka uthenga. Mwana amalemba za ulumali wake pa fomu polowa, koma ine mphunzitsi ndimadzadziwa tsiku loyamba ndikamuona m'kalasi, timetable itatuluka kale. Wachialubino ndi wa wheelchair ndimawaona. Wosamva bwino, wa khunyu, kapena wovutika kuwerenga sindingamudziwe pokhapokha andiuze.

Chisomo: Ena sanena dala madam, amaopa kuti aziwaona ngati odwala.

Amayi a Yankho: Pepani ndilowerere, ndine kholo, ndili ku Thondwe. Mwana wanga wosaona wasankhidwa, ayamba chaka chino. Tagulitsa nandolo ndipo amalume ake awonjezerapo. Ndalama ikukwana chimodzi, foni yabwino kapena laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Tigule chiti? Wogulitsa wina akuti pali laputopu yapadera ya osaona.

Mphatso: Mayi, zikomo pomulimbikira mwanayo. Laputopu yapadera musailipire, ameneyo akufuna akudyereni. Laputopu wamba ya Windows ikwanira, NVDA tidzamuikira ulere. Ine ndikanasankha laputopu, chifukwa ma assignment ndi mayeso sangalembe pa foni. Pogula yang'anani zitatu. Batire likhale losunga moto, chifukwa magetsi akazima ndiye kuti maso ake azima. Mabatani onse agwire ntchito, makamaka Insert, Caps Lock, Tab ndi mivi, poti ife mouse sitiigwira. Pobayira mahedifoni pakhale pabwino. Sikirini ngakhale ikhale ndi mng'alu zilibe kanthu, mwinanso akutsitsirani mtengo. Foni ya Android yotchipa idzabwera pambuyo, TalkBack imakhalamo kale kapena timaiikamo. Chachikulu, kodi amatha kutaipa osafufuza mabatani?

Amayi a Yankho: Amatha Perkins yokha. Kompyuta anangoigwirako pang'ono.

Bambo Chisale: Ndiye miyezi yatsalayi aphunzire kiyibodi, mayi. Pa F ndi pa J pali timizere totuluka, zala zolozera zimakhala pamenepo, zina zonse zimayambira pompo. Perkins asaisiye. Ndipo musadikire tsiku lotsegulira. Pitani naye msanga ku ofesi yoona za ophunzira aulumali pasukulupo mukanene za malo ogona apafupi, komanso kuti wina amuyendetse adziwe njira anthu asanachuluke. A Malawi Union of the Blind nawonso ndi ofunika kuwadziwa.

Amayi a Yankho: Ambuye akudalitseni nonse. Kodi makinawo amawerenganso Chichewa? Amakonda kuwerenga Baibulo.

Mphatso: Amawerenga koma mudzaseka. Liwu lachizungu limapotoza mawu athu moti poyamba simungamve kanthu. Ine ndikafika pa Chichewa ndimasintha n'kuika liwu la Chiswahili lomwe lili mu eSpeak, pulogalamu ya mawu yomwe imabwera pamodzi ndi NVDA. Limatchula a, e, i, o, u ngati ife, ndiye zimamveka ndithu ngakhale kakwezedwe ka mawu sikathu.

Tadala: Ndalemba uthenga wopita kwa aphunzitsi, tandionereni. "Madam, m'kalasi mwathu muli mnzathu amene amawerenga ndi pulogalamu yotchula mawu. Pulogalamuyi siwerenga zithunzi kapena PDF yosikana. Tikupempha kuti manotsi ndi ma slides muzititumizira mu Word kapena PowerPoint, kalasi isanachitike ngati n'kotheka. Pa chithunzi kapena graph, chiganizo chimodzi chofotokoza zomwe ikuonetsa chingathandize. Tingabwere ku ofesi kwanu kudzakuonetsani momwe zimamvekera."

Mayi Nabanda: Uli bwino. Onjezerani kuti polemba pa bolodi azitchula zomwe akulemba. Ife timakonda kunena kuti "ichi mukachiphatikiza ndi ichi mupeza ichi", mwana wosaona n'kutsala ndi ma ichi atatu.

Mphatso: Hahaha madam mwatiimba. Onjezeraninso kuti mitu mu Word aziika ndi Heading, osangoidetsa. Ikakhala Heading ndimadumpha mutu ndi mutu, ikakhala yongodetsa ndiyenera kumvetsera masamba 40 kuti ndipeze ndime imodzi. Koma a Tadala, mwiniwake wauona uthengawu?

Tadala: Ayi, ndimafuna ndimudzidzimutse zikatheka.

Mphatso: Musatero. Muonetseni kaye. Mwina iye akufuna Braille osati Word, mwina sakufuna kuti nkhani yake ipite ku ofesi kudzera mwa inu, mwinanso anapitako kale ndipo akudziwa pomwe zinakanirira. Mupite limodzi, alankhule yekha, inu mukhale mboni.

Thoko: Ndipo mukakhala kumeneko nenaninso za mavidiyo. Akhale ndi mawu olembedwa pansi.

Yamikani: Loweruka masana ndili mfulu. Amene akufuna NVDA, Lookout kapena kukonzeredwa Magnifier abwere ndi zipangizo zake, ndidzatenga flash ndi extension. Amayi a Yankho, mukagula laputopu isanafike Loweruka mubwere nayo tidzaione. Malo ndikuganiza chipinda chomwe tinakumanamo ulendo watha.

Madalitso: Chija chili ndi masitepe awiri pakhomo.

Yamikani: Eish. Nanga chapansi pafupi ndi pomwe amagulitsa ma scones?

Madalitso: Chimenecho ndimalowa, bola njinga zisaimikidwe pa ramp. Koma soketi yake ndi imodzi.

Thoko: Womasulira Loweruka sagwira ntchito. Yamikani, udzakhale ndi laputopu yotsegula Word, uzidzataipa zomwe ukunena.

Limbani, admin: Loweruka 2 koloko, chipinda chapansi. Amene ali ndi extension yachiwiri alembe dzina pansipa.